Wi-Fi yalumikiza koma intaneti palibe: kodi rauta yatha?

Mayi wina watilembera imelo yofunsa motere: "Kuofesi kwathu tili ndi makompyuta anayi ndi rauta imodzi. Laputopu yanga imaonetsa timizere ta Wi-Fi todzadza, koma pansi pake pamalembedwa kuti No internet. Nthawi zina foni ikugwira, laputopu ayi. Wina wandiuza kuti rauta yatha, ndigule ina. Ndigule?"

Mayi, ndalamazo zisungeni kaye. Rauta imafa ndithu, koma zimene mwafotokozazi sizikuonetsa choncho. Wi-Fi si intaneti. Wi-Fi ndi njira yopanda chingwe yolumikiza laputopu yanu ndi rauta ili pakhomapo, basi. Timizere tija tikungonena kuti laputopu ikuimva bwino rautayo. Mutazula chingwe chochokera ku kampani yokupatsani intaneti, timizereto tikhalabe todzadza.

Kuti tsamba la pa intaneti litseguke pamafunika zinthu zinayi zoyenda motsatana: laputopu ilumikizane ndi rauta, rauta iipatse adiresi, rautayo ifike kunja ku kampani, ndipo dzina la tsamba lisandutsidwe nambala. Chimodzi chikaduka, uthenga umene mumaona ndi womwewo. Ndiye tiyese chimodzichimodzi, kuyambira pafupi.

Koma musanayambe, zimitsani data ya pa foni ija. Mafoni ambiri akaona kuti Wi-Fi ilibe intaneti amasamukira mwakachetechete ku data ya simu, inu n'kumaganiza kuti rauta ikugwira ntchito.

Tsopano adiresi. Chipangizo chilichonse pa netiweki chimakhala ndi adiresi yake ya IP, nambala zinayi zolekanitsidwa ndi madontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, monga 192.168.1.23. Rauta ndi imene imabwereketsa maadiresi amenewa kudzera mu dongosolo lotchedwa DHCP. Pa Windows dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa kazenera kakuda kamene katseguke lembani ipconfig. Pansi pa gawo la Wi-Fi yang'anani mizere iwiri, IPv4 Address ndi Default Gateway. Woyambawo ndi adiresi ya laputopu yanu. Wachiwiriwo ndi adiresi ya rauta, khomo limene zonse zopita kunja zimatulukira, ndipo kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1.

Ngati adiresi yanu ikuyamba ndi 169.254, mwalipeza vuto. Laputopu inapempha adiresi, palibe anaiyankha, ndiye inadzipatsa yokha, ndipo adiresi yotere sipita kulikonse kunja. Lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew kuti ipemphenso. Ikabwerera ku 169.254, mwina DHCP inazimitsidwa mu rauta, kapena maadiresi amene inaloledwa kugawa atha chifukwa cha mafoni ambiri olumikizidwa.

Pali zina ziwiri zimene zimafanana kwambiri ndi nkhani yanu yoti zipangizo zina zikugwira, zina ayi. Choyamba, wina analembapo adiresi pamanja mu laputopuyo, mwina pokonza printa kapena poigwiritsa ntchito ku ofesi ina. Dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani pa Wi-Fi ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, kenako dinani kawiri pa Internet Protocol Version 4, ndipo onetsetsani kuti adiresi ndi DNS (dongosolo losandutsa mayina a masamba kukhala manambala) zonse zili pa automatically. Chachiwiri ndi rauta ina yakale imene munthu anailumikiza pofuna kuti Wi-Fi ifike chipinda china, osazimitsa DHCP yake. Zikatero ogawa maadiresi amakhala awiri, ndipo laputopu imatenga ya amene wayamba kuyankha. Lero ilandira yolondola, mawa yolakwika. Yerekezani ndi kompyuta imene ikugwira bwino: ngati iyo ili ndi 192.168.1 kumayambiriro pamene yanu ili ndi 192.168.0, fufuzani rauta yachiwiriyo. Vutoli limazunza maofesi ang'onoang'ono ambiri, ndipo kugula rauta yatsopano sikulichotsa ngakhale pang'ono.

Adiresi ikakhala bwino, bwererani pa kazenera kakuda kaja, lembani ping, siyani mpata, lembani nambala ya Default Gateway ija. Windows itumiza timauthenga tinayi n'kudikira yankho. Mukaona Reply from kanayi, njira yofika ku rauta ili bwino. Mukaona Request timed out pa tina, mafunde a Wi-Fi akusokonezeka. Yandikirani rauta, kapena lumikizani ndi chingwe muyesenso. Wi-Fi ya 2.4 GHz imadutsa makoma bwino koma imapanikizana ndi ya oyandikana nawo komanso mayikulowevu, choncho mu rauta ikani tchanelo 1, 6 kapena 11. Ya 5 GHz imathamanga koma siipita patali.

Kenako lembani ping 8.8.8.8, imene ndi seva ya Google. Rauta ikayankha koma iyi ayi, vuto lili kuseri kwa rauta. Onani ngati chingwe chochokera ku modemu, bokosi lolandira intaneti kuchokera ku kampani, chalowa pa bowo lolembedwa WAN kapena Internet, osati pa mabowo a LAN. Osesa akachizula amachibwezera paliponse pamene chalowa. Ngati muli pa fayiba ndipo kagetsi kolembedwa LOS pa bokosi la fayiba kakuyaka kofiira, kuwala sikukufika m'bokosimo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kampani. Onaninso ngati bandulo sinathe. Poimbira kampani auzeni kuti rauta ikuyankha ping koma 8.8.8.8 ayi, sataya nanu nthawi pa mafunso oyambirira.

Chotsala ndi dzina. Makompyuta amalankhulana ndi manambala, mayina ndi athu anthufe. DNS imagwira ntchito ngati mndandanda wa mayina mu foni yanu: inu mumadina dzina, foni imaimba nambala. Lembani ping google.com. Ngati 8.8.8.8 inayankha koma apa mwauzidwa kuti could not find host, intaneti ilipo, DNS ndiye yagwa. Lembani ipconfig /flushdns kuti laputopu iiwale mayankho akale. Zikapitirira, bwererani pa zenera la Internet Protocol Version 4 lija, ikani 8.8.8.8 pa DNS yoyamba ndi 1.1.1.1 ya Cloudflare pa yachiwiri. Zonsezi zikayankha koma masamba akukanabe ndi chenjezo la chitetezo, yang'anani deti ndi nthawi pa laputopu. Zikalakwika, ziphaso za chitetezo za masamba a https zimaoneka ngati zatha ntchito.

Za kuzimitsa ndi kuyatsa, n'zothandiza, koma tsatirani ndondomeko yake. Zulani modemu ndi rauta kumagetsi kwa masekondi 30, yatsani modemu kaye, dikirani mphindi ziwiri magetsi ake akhazikike, kenako yatsani rauta. Chonde musabaye kabowo kolembedwa Reset. Kameneko kamafufuta zonse, dzina la Wi-Fi, pasiwedi, ngakhale dzina ndi pasiwedi yolowera ku kampani ngati mumalumikiza ndi njira yofuna zimenezi yotchedwa PPPoE, ndipo mutsala opanda intaneti mpaka wina adzazilembenso.

Rauta yakufadi imadziwika: siyaka konse, kapena imazima n'kuyaka yokha kangapo pa tsiku, kapena palibe chipangizo ngakhale chimodzi chimene chikulandira adiresi pamene DHCP ili yoyatsa, ngakhale cholumikizidwa ndi chingwe pa bowo la LAN. Ngakhale pamenepo yambani mwayesa adaputala ina ya magetsi, chifukwa adaputala yofooka imachititsa rauta yabwinobwino kumazimazima. Werengani pansi pa rauta. Mavoti akhale ofanana ndendende, nthawi zambiri ndi 12V, maampu akhale ofanana kapena oposerapo, ndipo kachizindikiro ka + ndi - ka pamutu wa chingwe kafanane ndi ka adaputala yakale.