Mphwanga, usagule kaye chip ina

Eee mphwanga ndamva voisi yako ija. Amayi ndi ena nonse mugulupu muno pepani, izi ndi zamagetsi, mutha kungodumpha. Wati bodi ya projekiti yako ikutulutsa kiloko (siginolo yogunda mofanana yosungira nthawi) bwinobwino koma kagetsi ka loko, koonetsa kuti chip ya kiloko yagwirana ndi siginolo yakunja, sikakuyaka, wailumikiza ku 1PPS ya GPS (pulse imodzi pa sekondi), ndiye ukufuna tikusonkhere ugule chip ina. Ayi dikira kaye, ine sindikukhulupirira kuti chip yafa.

Kutulutsa kiloko sikuti yaloka ayi, ma chip amenewa amathamanga okha pa free-run olo osaapatsa reference, siginolo yakunja yoti aitsate. Mkatimo muli malupu awiri otsata siginolo, pali APLL (ya analogi) yomwe imagwira pa XO, ka osileta kaja kali pambali pa chip, ndiye pali DPLL (ya digito) yomwe imatsata reference yochokera kunja. APLL ikapanda kugwira, za DPLL usaziganize nkomwe. Ndiye yamba wapima mphamvu, 3.3 V ndi 1.8 V ngati bodi yako ili nayo, uike sikopu (oscilloscope) pa XO uone ngati ikugunda mulingo omwe unalemba mu config. Komanso mphamvu ikamakwera mwaulesi, chip imachita calibration ya VCO (osileta ya mkati mwa chip) pamene XO isanakhazikike, basi yasokera, ife kuno kuma thawala a foni a ku Katete ndi Lundazi timazikumbukira magetsi akapita jenereta nkudzuka mokoka. Panga soft reset zonse zitayaka uone ngati zisintha.

Manje apa ndi pomwe ndikufuna umvetsetse. Chip siingolandira reference chifukwa waipatsa, imayamba yaiyeza, ngati ilipo, ngati sikudumpha ma pulse, ngati sinapatuke ma ppm (magawo pa miliyoni) ambiri, kenako imadikira taima ya validation ithe. Koma imayeza ndi chani? Ndi XO yomweyo. Zili ngati sikelo ya ogula soya pamsika, sikelo ikakhala yokhota thumba lodzadza bwino amati silinakwane. SyncE, muyezo wa kiloko pa netiweki ya Ethernet, imafuna kiloko isapatuke kupitirira 4.6 ppm, ndiye munthu amaika malire othina choncho pamene XO yake ndi yotchipa ya 25 kapena 50 ppm, mapeto ake reference yabwinobwino ikukanidwa tsiku lonse ndipo DPLL sinayambe nkomwe kuyesa. Werenga ma status rejisita pa I2C kapena SPI (njira zolankhulira ndi chip), ngati chip ndi ya kampani ya TI uli ndi pulogalamu ya TICS Pro, ngati ndi Si5345 pali ClockBuilder Pro, uone ngati reference yalembedwa valid. Ma flag ena amamatirira, amasunga vuto ladzana, uyambe wawafufuta kenako uwerengenso.

Za 1PPS zimafuna mtima wautali aise. Pulse imodzi pa sekondi basi, ndiye loop bandwidth (liwiro lomwe lupu imatsatira reference) iyenera kukhala pansi kwambiri pa 1 Hz, monga 0.01 Hz, ndipo kuloka kumatenga mphindi zambiri, iwe ukamazimitsa nkuyatsa mphindi ziwiri zilizonse sudzaiona loko. Pa bandwidth yotero XO wamba imayendayenda msanga kuposa momwe lupu ingaibwezere, pamafunika TCXO (osileta yodzikonza kutentha kukasintha) kapena OCXO (yokhala mu kauvuni kotenthetsa), ndipo OCXO uipatse nthawi itenthe. Kutentha kwa Okutobala kuno munthu umayatsa fani pafupi, kamphepo kokhako kakamawomba pa osileta phase imasuntha, ivindikire ndi kasiponji. Antena ya GPS nayo ikhale panja poona kumwamba, ma module ambiri satulutsa pulse yodalirika asanagwire ma satelaiti.

Ukapita ku labu mawa pempha signal generator, uike 10 MHz kapena 25 MHz, usinthe config igwirizane, bandwidth uikweze ifike ngati 100 Hz. Ikaloka m'masekondi ochepa ndiye chip ili moyo, vuto lili ku 1PPS ndi osileta yako. Unditumizire ku inbox chithunzi cha tsamba la status ndi nambala yolembedwa pamwamba pa XO, madzulo ndikaweruka tiyang'ana limodzi.