Ana amasiye 12, ndalama zochepa: tiyambire pati kuti asasiye sukulu?

Mayi wina wa gulu la amayi a mpingo ku Ntcheu watilembera kuti: "Kwathu kuno kuli ana 12 amene makolo awo anamwalira ndi Edzi, ndipo ambiri akuleredwa ndi agogo. Tasonkha kandalama. Ena akuti tigule yunifolomu, ena akuti timange nyumba yosungiramo ana amasiye. Tiyambire pati?"

Mayi, nyumbayo musamange. Ndalama zidzathera pa njerwa ndi malata, ndipo mwana wochotsedwa pamudzi amadzabwerako ngati mlendo, munda wa makolo ake atagawana ena. Yunifolomu nayonso idikire. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo mwana sayenera kubwezedwa chifukwa chosowa yunifolomu. Zikachitika, kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu, zikakanika pitani kwa mlangizi wa maphunziro ku TDC, likulu la sukulu za m'zoni yanu.

Mwana wamasiye sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba. Lolemba wapita kuganyu kuti pakhomo papezeke ufa, Lachitatu waperekeza agogo kuchipatala, Lachisanu kope latha. Mayeso akafika amalephera, amabwereza kalasi, kenako amachita manyazi kukhala pansi ndi ana ocheperapo msinkhu. Ndiye ntchito yanu yoyamba siilira ndalama. Mayi aliyense atenge ana awiri kapena atatu, Lachisanu lililonse azikaona kaundula wa m'kalasi. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, sabata yomweyo mufike pakhomo pake ndi kufunsa modekha chimene chavuta. Gwirizanani ndi gulu la amayi la pasukulupo, lija amati mother group, musachite kupikisana nalo.

Ndalama zambiri zisungireni miyezi ya njala, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chifukwa kujomba kumachuluka nkhokwe zikatha ndipo ganyu wopalira ali ponseponse. Chimanga mugule nthawi yokolola chisanakwere mtengo, muthire mankhwala a anankafumbwe. Ngati pasukulupo palibe phala ngati la bungwe la Mary's Meals, ufa wa likuni mungathe kupanga nokha: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Soyayo ayambe wakazingidwa, apo ayi phala limanunkha ndipo limavuta m'mimba. Thandizoli lizipita ku banja lonse. Mukapatsa wamasiye yekha pakhomo pomwe pali ana ena anjala, mwamudanitsa ndi omwe akumulera. Musawaimikenso kutsogolo kwa anzawo pogawa makope; dzina loti "mwana wa Edzi" likamumata silichoka msanga.

Makope, zolembera ndi sopo muzigawa teremu iliyonse, osati za chaka chonse pakamodzi, chifukwa njala ikavuta zimagulitsidwa. Atsikana otha msinkhu afunika nsalu zochapidwa zovala akakhala kumwezi ndi kabudula wamkati, apo ayi mwezi uliwonse amataya masiku angapo.

Pali nkhani ina imene magulu ambiri amaiopa. Ena mwa anawa angakhale anabadwa ndi HIV. Limbikitsani owalera kuti apite nawo kukayezetsa, koma zotsatira zake ndi za banjalo ndi achipatala, osati za msonkhano wa gulu. Mwana amene ali pa ma ARV afunika chakudya, ndalama yoyendera tsiku lokatenga mankhwala, ndi munthu wamkulu mmodzi womukumbutsa kumwa pa nthawi yake. Achinyamata amakonda kusiya mankhwala akapita kusukulu yogonera, poopa kuti anzawo aona botolo. Funsani ngati pachipatala chanu pali Teen Club, kumene amakumana ndi anzawo a vuto lomwelo.

Za boma musazinyalanyaze. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo pamakhala kandalama kowonjezera ka ana a sukulu. Kambiranani ndi amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kuti makomo a agogowa asadumphidwe pa kalembera. Ngati achibale analanda munda kapena malata, lamulo la chuma cha masiye la 2011 likuti umenewo ndi mlandu; kadandauleni ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Mwana akamaopsezedwa ndi ukwati asanakwane zaka 18, imbani 116, nambala yothandiza ana.

Poterera penipeni ndi pochoka Sitandade 8 kupita Fomu 1. Za bursary ya ku khonsolo kapena ya CAMFED, bungwe lothandiza atsikana pa maphunziro, yambani kufunsa mwana akadali mu Sitandade 8, musadikire zotsatira za MANEB. Mtsikana akasankhidwira ku sekondale yoyendera (CDSS) yakutali, musafulumire kumuchitira lendi kachipinda ka selufu pamsika, pomwe chakudya chikatha amuna a tindalama amakhala ali pafupi. Njinga ya kapalasa, kapena banja la mumpingo lodalirika loyandikana ndi sukuluyo, ndi zimene muyambe mwafufuza teremu isanatsegulidwe.