Nkhosa m'munda wa chimanga: yankho kwa amayi a ku Chongwe

Amayi ena a ku Chongwe anditumizira imelo. Akuti banja lawo lili ndi mahekitala 4, latopa ndi mtengo wa feteleza wa D Compound ndi Urea, ndiye likufuna kugula nkhosa kuti lizilima chimanga ndi mapira pogwiritsa ntchito manyowa okha. Akufunsa ngati nkhosa zingalowedi m'malo mwa feteleza.

Amayi, n'zotheka, koma osati chaka choyamba. Nthaka yozolowera feteleza mukaisiyitsa mwadzidzidzi, chimanga chimachita chikasu chisanafike m'mawondo. Yambani ndi chigawo chimodzi: chaka chino khobwe, mtedza kapena kalongonda, chaka chamawa chimanga. Ku Kasisi Agricultural Training Centre, komwe si kutali ndi kwanu, akhala akuphunzitsa ulimi wotere kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Pitani mukadzionere.

Nkhani yagona pa mapesi. Mukakolola mu Meyi, mapesi omwewo akufunika pawiri: nkhosa zikufuna kudya, nthaka nayo ikufuna chofunda. Mukazilekerera kuti zizingoyendayenda mpaka Okutobala, mvula ya Novembala idzapeza munda uli mbee, wouma gwa ngati bwalo. M'chilala cha 2024 ndinkati ndikafukula mapesi m'munda mwathu n'kupisa chala, ndinkapeza kachinyezi, pomwe pamtetete dothi linkawotcha phazi.

Ndiye mangani khola losamutsa, la mitengo ndi waya. Nkhosa zibudule masamba ndi udzu pachigawo chimodzi, zigone pomwepo, ndipo muzisamutse mapesi akadali ophimba nthaka. Kugonako n'kofunika kwambiri, chifukwa mkodzo, umene umangotayika m'khola la kunyumba, uli ndi nayitirojeni wambiri, chakudya cha mbewu chomwe chimapezekanso mu Urea. Masangwi a mtedza musawotche, asungeni pathandala kuti akapulumutse ziweto mu Seputembala ndi Okutobala.

Mvula ikagwa, nkhosa zituluke m'munda. Kodi muli ndi busa lina? Ngati mulibe, gulani zochepa. Nkhosa ya mtundu wa Dorper, yochokera ku South Africa, imapirira chilimwe chathu, koma dzinja limabwera ndi njoka za m'mimba. Muzitsitsa chikope cham'munsi n'kuyang'ana mkati: mukakhala mofiira ili bwino, mukatuwa ndiye kuti magazi akutha. Yoteroyo ipatseni mankhwala tsiku lomwelo, amayi, ngakhale m'munda mwasiya kupopera.