Chambo Chikasowa, Muphike Chiyani? Yankho kwa Mayi wa Lesitilanti ku Salima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi lesitilanti yaing'ono ku Salima. Akuti makasitomala amafuna chambo tsiku ndi tsiku, koma miyezi ina sichipezeka, chikapezeka mtengo wake ndi wosayamba. Akufunsa ngati kuli bwino kumaphika malinga ndi nyengo, komanso ngati kugula kwa alimi ndi asodzi eniake n'kopindulitsa kusiyana ndi kugula kwa mavenda.

Mayi, chimene chikukupanikizani ndi menyu yosindikiza ija, yolonjeza chambo Januwale mpaka Disembala. Ichotseni. Muziyamba mwapita kudoko ndi kumsika, mukabwerako mulembe ndiwo za tsikulo pabolodi ndi choko.

Chambo chili ndi nthawi yake. Chimaswana mvula ikamayandikira, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa, moti khoka likachikokolola limapha banja lonse. N'chifukwa chake boma limaletsa makoka panyanja ya Malawi kuyambira Novembala. Kwanu komweko, pachilumba cha Mbenji, a mfumu Makanjira ndi anthu awo amatseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo mwambowu unayamba kale m'ma 1950. Ndiye wina akakubweretserani kasawala wodzaza beseni pamtengo wozizira, mukaneni ndithu. Kasawala ameneyo ndiye chambo chomwe mukanagulitsa chaka chamawa. Zimandiwawa ndikamamuona atamwazidwa pathandala, wina wosakwana ndi chikhatho chomwe.

Ngati kasitomala waumirira chambo m'miyezi imeneyi, chilipo choweta, aliponso makumba a m'mayiwe a alimi. Koma muuzeni zoona. Munthu wa kunyanja amadziwa nsomba akangoilawa, ndipo akazindikira kuti mwamupatsa makumba m'dzina la chambo sabweranso.

Nsomba zina musazipeputse. Kampango wa msuzi, mlamba wowamba, mcheni wootcha, utaka wokazinga, zonsezi zimagulitsa mbale ngati zaphikidwa ndi mtima. Usipa wauwisi umatsata mwezi: asodzi amaukopa ndi nyali usiku, choncho mwezi ukawala umachepa. Mwera ukaomba cha mu Juni ndi Julayi mabwato ambiri salowa m'madzi. Masiku amenewo phikani usipa wouma wotendera, nyemba kapena nkhuku ya lokolo.

Zakumunda nazo ndi chimodzimodzi. M'dzinja tomato amavuta chifukwa cha matenda obwera ndi chinyezi, mtengo n'kukwera, koma ndi nthawi yomwe nkhwani, bonongwe, chisoso, therere ndi bowa zili mbwee. Bowayo muzigula kwa amayi amene akhala akuzula zaka zambiri, monga utale wodziwika bwino, osati kwa aliyense. Mvula ikatha madimba amatulutsa mpiru, repu, chayinizi ndi kabichi, ndipo tomato ndi kachewere wa ku Lizulu ndi Tsangano amatsika mtengo. Pamenepo futsani nkhwani ndi khwanya wanuwanu. Mbale ya mfutso wotendera mu Okutobala imakumbutsa anthu kwawo, ndipo ndaonapo abwana ovala tayi akupempha kuwonjezera.

Za kugula kwa eniake, inde gulani, koma si kutchipa kokha komwe mukupezapo. Mumadziwa kuti nsomba yavuulidwa m'mawa womwewo, masamba athyoledwa kudimba lakutilakuti ndipo anapoperedwa mankhwala liti. Pezani alimi awiri kapena atatu ndi msodzi mmodzi kapena awiri, muwauze zomwe mumafuna pa sabata. Muziwalipira pompopompo. Mawu akuti "mubwere mawa" ndi amene amathetsa ubale woterewu, chifukwa msodzi akufuna mafuta a injini madzulo omwewo. Mlimi amene simunamupondereze pamtengo tomato atachuluka adzakusungirani dengu tomato akadzasowa.

Mavenda musawataye. Tsiku limene nyanja yakwiya, iwo ndi amene amadziwa kuti ku Senga Bay kulibe kanthu koma ku Chipoka kwatsika nsomba. Ndipo mukamagula nsomba yaiwisi, tsegulani makha muone ngati ali ofiira, muyang'ane maso ngati ali owala, ndipo musachoke panyumba opanda kula bokosi ya ayezi.