Kodi Las Vegas inamangidwadi ndi zigawenga?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti makasino anayambitsidwa ndi a mafia, ndiponso ngati chigawenga Bugsy Siegel ndiye anamanga Las Vegas. Zoona zilimo, koma anthu nkhaniyi amaiyambira pakati. Oyamba kutsegula nyumba zotchovera juga poyera anali maboma. Zigawenga zinafika mphika uli kale pamoto.

Ku Venice akuluakulu a mzinda anatsegula nyumba ya juga yotchedwa Ridotto mu 1638 kuti otchova juga azikhala pamalo amodzi boma likuwaona, n'kudzaitseka mu 1774. Ku Monaco banja lachifumu litashota ndalama linapereka kasino ya Monte Carlo kwa François Blanc mu 1863. Blanc anali atalemera kale ndi kasino ya ku Bad Homburg ku Germany, ndipo naye manja ake sanali oyera: iye ndi m'bale wake Louis anagwidwapo akupereka ziphuphu kwa ogwira ntchito pa telegalafu kuti azimva mitengo ya masheya a ku Paris anzawo a ku Bordeaux asanamve. Pofika 1869 ndalama za kasino zinachuluka mpaka kalonga anachotsera anthu ake msonkho. Koma mpaka lero nzika za Monaco siziloledwa kutchova juga mmenemo. Eni ake ankadziwa bwino lomwe zimene juga amachita pakhomo pa munthu.

Ku America zinayenda motere. Kuyambira 1920 mpaka 1933 kugulitsa mowa kunali koletsedwa, ndipo anyamata ngati Meyer Lansky, Siegel ndi Moe Dalitz analemera ndi mowa wozembetsa. Lamulo lija litachotsedwa, anatsala ndi ndalama zambirimbiri komanso luso loyendetsa nyumba za juga zobisika. Apa n'kuti boma la Nevada, chigawo chomwe kuli Las Vegas, litavomereza kale juga mu 1931, chaka chomwenso ntchito yomanga damu la Hoover inayamba, amuna zikwizikwi akulandira malipiro pafupi ndi katauni ka m'chipululu kotchedwa Las Vegas. Mabanki akuluakulu sankafuna kubwereketsa ndalama zomangira makasino, poopa kuipitsa dzina. Zigawenga zinalowera pa mpata umenewo.

Siegel sanayambitse Las Vegas, ngakhalenso hotelo ya Flamingo siinali nzeru yake. Pamsewu womwewo panali kale El Rancho Vegas, yotsegulidwa mu 1941. Flamingo anaiyamba ndi Billy Wilkerson, mwini nyuzipepala ya Hollywood Reporter, yemwe juga anamulowa m'magazi mpaka ndalama zinamuthera nyumba ili pakati. Siegel ndi anzake analowetsamo zawo, kenako n'kumukankhira kunja. Ndalama zomangira zinakwera kufika pafupifupi madola 6 miliyoni, zambiri zili za anthu oti sungawauze kuti dikirani mwezi wa mawa. Anatsegula pa 26 Disembala 1946 zipinda zogona zisanathe, ndiye wowina ankangonyamula zake kukagona kwina osabwereranso pa tebulo. Kasino inaluza, inatsekedwa, n'kudzatsegulidwanso mu Malichi. Pa 20 Juni 1947 Siegel atakhala pa sofa m'nyumba ya chibwenzi chake Virginia Hill ku Beverly Hills, nyuzipepala ili m'manja, munthu wina anamuwombera kudzera pawindo. Palibe amene anamangidwapo pa imfayo. Flamingo inangogwera m'manja mwa anzake, Moe Sedway ndi Gus Greenbaum, juga n'kumapitirira.

Ndiye mwina mukudabwa kuti zigawenga zinkafunanji pa bizinesi yovomerezeka kale. Yankho lili m'chipinda chowerengera ndalama. Pansi pa tebulo lililonse pamakhala bokosi lachitsulo momwe amaponyamo ndalama za otchova. Mabokosiwo amawanyamula kupita nawo m'chipinda chokhoma. Ndalama isanalembedwe m'buku, boma siliidziwa, wamsonkho saidziwa. Ndiye anthu awo ankatapako kaye mitolo, n'kulemba zotsalazo, ndipo zotapidwazo zinkayenda m'masutikesi kupita kwa mabwana ku Chicago, Kansas City ndi kwina. Ku Stardust m'zaka za m'ma 1970 anafika poseweretsa sikelo. Makobidi a m'makina ankawayeza kulemera m'malo mowerenga, ndiye sikelo anaikonza kuti izionetsa zochepa. Oyendera a boma anatulukira chinyengochi mu 1976.

Chimene chimandiwawa ine ndi kumene kunkachokera ndalama zomangira mahotelo ena. Zinali za penshoni ya bungwe la Teamsters, la madalaivala a malole, nthawi ya mtsogoleri wawo Jimmy Hoffa komanso atachoka. Munthu wagona m'misewu zaka 30 ndalama zake za penshoni zikusonkhedwa kuti adzadye atakalamba, koma thumba lakelo likubwereketsidwa kwa anthu amene akutapa phindu usiku.

Ku Cuba Lansky anagwirizana ndi pulezidenti Fulgencio Batista n'kutsegula Havana Riviera mu 1957. Batista atathawa pa 1 Januwale 1959, boma la Fidel Castro linadzalanda mahotelo n'kuthetsa juga, Lansky n'kutaya zonse anaika kumeneko.

Ku Nevada kuchotsa zigawenga m'makasino kunatenga nthawi. Komiti ya senata Estes Kefauver inafunsa anthu mafunso ku Las Vegas mu 1950, bungwe loyang'anira juga linakhazikitsidwa mu 1955, ndipo mu 1960 anatulutsa buku la mayina a anthu oletsedwa kuponda mu kasino iliyonse. Mpondamatiki Howard Hughes anagula hotelo ya Desert Inn kwa Dalitz ndi anzake mu 1967, kenako lamulo la 1969 linatsegulira njira makampani a masheya, omwe mabuku awo amaunikidwa. Koma kutapa kuja kunapitirirabe kwa zaka zina, ndipo mu 1986 khoti la ku Kansas City linapeza olakwa mabwana angapo, kuphatikizapo Joseph Aiuppa wa ku Chicago, amene anapita kundende ali ndi zaka 78.