Funsani Mmisiri: Timagalimoto ta rimoti, utsi ndi masipeya

Mwezi uno ndalandira makalata anayi, onse okamba za timagalimoto ta rimoti tothamanga pa dothi, timene eni ake amati buggy. Sindinkadziwa kuti tachuluka chonchi kuno kwathu. Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafoni pa boma la Dedza, koma buggy ndili nayo yanga yokalamba, yomwe ndaiphwasula n'kuimanganso mpaka ndinasiya kuwerenga. Nkhani ya mafoni ogwera m'madzi idikire mwezi wamawa.

FUNSO: A Mmisiri, mng'ono wanga wa ku Joni anatumizira mwana wanga galimoto ya rimoti. Inabwera ndi batire lolembedwa 7.2V NiMH. Mnzanga anandibwereka lina lolembedwa 11.1V, nati ndione liwiro lenileni. Liwiro ndinalionadi, ana onse a pabwalo la mpira ali pambuyo pake, koma pasanathe mphindi khumi inafuka utsi n'kuima. Pano matayala akutsogolo akukhota ndikapotokola chiwongolero, koma siyenda. Yafa basi? Ndine bambo wa ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: Pepani bambo, koma maliro musalengeze msanga. Mkati mwa galimoto imeneyo muli zinthu zinayi zamagetsi. Pali risiva, yomwe imamva zimene rimoti ikulamula. Pali servo, yomwe imakhotetsa matayala. Pali mota. Ndipo pali kabokosi kotchedwa ESC, komwe kamaima pakati pa batire ndi mota n'kumapima moto wopita ku mota malinga ndi momwe mwafinyira chala. Popeza matayala akukhota, risiva ndi servo zili moyo. Wodwala ndi mota kapena ESC, ndipo kumudziwa sikufuna makina.

Werengani mawaya otuluka ku mota. Ngati ndi awiri, amasuleni ku ESC, ikani galimoto pa njerwa matayala ali m'malere, ndipo gunditsani mawayawo ku batire lakale lija la 7.2V kwa kamphindi. Matayala akazungulira, mota ili bwino, yapsa ndi ESC. Akapanda kuzungulira, kapena mota ikamanunkha ngati ayironi yoiwalika pa malaya, yapsa ndi mota. Mawaya akakhala atatu ndiye kuti ndi mota ya mtundu wa brushless. Imeneyo musaigunditse ku batire, siyenda popanda ESC yake ndipo mungoiwononga.

Chimene chinachitika n'chakuti mnzanuyo anakubwerekani batire la lithiyamu, mtundu wotchedwa LiPo, la maselo (zigawo) atatu. Kuchoka pa 7.2V kufika pa 11.1V kumaoneka ngati kuwonjezera theka chabe, koma kutentha m'mawaya a mota sikukwera ndi theka, kumaposa kawiri. Onjezerani udzu wa pabwalo la mpira, womwe umakulunga pa ekiselo n'kumagwira matayala, ndiye kuti mota imakoka ngati ng'ombe imodzi pa ngolo yodzaza kachewere pa chitunda cha ku Tsangano. Mphindi khumi inayesetsa.

Tsopano vuto lingakhale pogula. Timagalimoto tambiri totchipa timakhala ndi risiva ndi ESC pa bolodi imodzi, ndipo servo yake imakhala ya mawaya asanu. Ngati yanu ili choncho, muyenera kupeza bolodi ya mtundu womwewo ndendende, apo ayi musinthe zonse pamodzi: rimoti, risiva, ESC ndi servo ya mawaya atatu. Ngati ESC ili payokha, mwayi wanu. Muuzeni mng'ono wanuyo akufunireni Hobbywing QuicRun 1060. Ndi ya 60A, ya mota za mawaya awiri, yotsekedwa kuti madzi asalowe, ndipo imalola NiMH ndi LiPo yomwe. Ili ndi kapulagi kakang'ono kosankhira mtundu wa batire. Mukaika LiPo, kasunthireni pa LiPo kuti izidzizimitsa yokha batire lisanathe mopyola. Mota yokha ndi yosavuta. Ngati galimoto ndi ya saizi ya 1/10 (yochepa kakhumi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni), kawirikawiri motayo imakhala ya nambala 540 kapena 550, ndipo imangofuna kuwotcherera mawaya awiri.

Mukaimanganso, phunzitsani mwanayo kuyeza ndi chala. Aziithamangitsa mphindi zisanu, aime, agwire mota. Akalephera kuwerenga mpaka 5 chala chili pomwepo, yatentha kwambiri, ipume. Ikamatentha nthawi zonse, ikani kagiya ka pa mota ka mano ochepa. Liwiro limatsikako pang'ono koma mota imapeza mpumulo. Pomanga kagiyako, lowetsani kachidutswa ka pepala la m'kope pakati pa kagiya ka mota ndi giya yaikulu, kanikizani, mangani, kenako chotsani pepalalo. Mpata wotsalawo ndiye woyenera.

Mnzanuyo musamukalipire kwambiri. Ine ESC yanga yoyamba ndinaiwotcha ndekha usiku wina magetsi atazima, ndikulumikiza pa kuwala kwa kandulo, wofiira ndinamuika pa wakuda. Inangoti phu! kamodzi. Mayi a kunyumba mpaka lero akamva fungo la waya wopsa amandiyang'ana ine.

FUNSO: Ndine mphunzitsi ku Bembeke. Buggy yanga yathyoka mkono wogwira tayala lakutsogolo kawiri m'mwezi wa Juni wokha, pomwe chaka chonse sinathyokepo. Ndaona pa intaneti mikono ya aluminiyamu yonyezimira. Ndigule kuti ndithane nazo?

YANKHO: Aphunzitsi, musagule. Ndikudziwa kukongola kwake, yofiira ngati tomato wa pa Bembeke pomwepo, koma ndalama zanu zipita pachabe.

Yambani mwaona mwezi umene mwatchulawo. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo chisanu cha Juni ndi Julaye mukuchidziwa kuposa ine, inu amene mumalawirira ku sukulu. Pulasitiki akazizidwa amauma gwa. Chitsa chomwe galimoto inkagunda mu Okutobala mkono n'kungopindika pang'ono n'kubwerera, mu Juni chimauthyola ngati chinangwa chouma. Choncho m'nyengo yachisanu musathamangitse m'mamawa. Dikirani dzuwa likwere, ndipo galimoto isagone pakhonde.

Nanga aluminiyamu walakwanji? Sathyoka, n'zoona, koma amapindika, ndipo akapindika sabwerera; tayala limayenda chopendekeka mpaka kalekale. Choipa kwambiri n'chakuti mphamvu ya kugundako siisowa kolowera. Mkono ukakana kuthyoka, imapitirira n'kukang'amba bokosi la magiya pomwe mkonowo wamangidwa, ndipo bokosilo ndi lodula komanso lovuta kusintha. Mkono wa pulasitiki uli ngati fyuzi ya mu wailesi: anaupanga kuti ufe m'malo mwa zinzake. Galimoto ya RC10 yomwe kampani ya Team Associated inatulutsa ku America mu 1984, yomwe inatchuka kwambiri pa mipikisano, inali ndi thupi la aluminiyamu koma mikono yake inali ya nayiloni woyera, ndipo anthu ankaiphika mu utoto wa nsalu kuti isinthe mtundu. Anthu aja aluminiyamu anali naye pafupi, sanamuike pa mikono dala.

Kuphikako kuli ndi phindu linanso. Nayiloni amamwa madzi, ndipo akamwa amafewa pang'ono n'kusiya kuthyoka mwachisawawa. Mikono yatsopano ikafika, iikeni m'madzi owira kwa mphindi 15 kapena 20, isagunde pansi pa poto, ndipo muisiye izizire momwemo. Izi ndi za nayiloni yekha, uja wosanyezimira, wolola kupindika mukamukanikiza. Pulasitiki wonyezimira wa zidole za m'golosale angopotoka. Ndipo pemphani kaye poto kwa amayi; ine ndinaphunzira mochedwa.

Chitsulo chili ndi malo ake. Servo ya magiya achitsulo ndi ndalama yogwiritsa bwino, chifukwa magiya a pulasitiki a mu servo amagweluka mano tayala likagunda mwala. Chogwirira mota chikhale cha aluminiyamu, chimathandiza kutaya kutentha. Timitengo topereka mphamvu ku matayala tikhale tachitsulo.

Podikira sipeya, guluu wa supa musataye naye nthawi, sagwira pa nayiloni. Boolani timabowo tiwiri mbali iyi ndi tiwiri mbali inayo ya pothyokapo, gonekani kachidutswa ka sipoko ya njinga, mangani ndi waya wopyapyala. Tonse tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, manja sanaiwale.

FUNSO: Achimwene, kwathu kuno kulibe magetsi, ndimatchaja pa sola. Batire langa la LiPo latupa ngati chitumbuwa. Anzanga akuti ndiliboole ndi singano mpweya utuluke. Komanso ndili ndi mabatire a laputopu yakufa, kodi angagwire ntchito? Mnyamata wa ku Kampepuza, Ntcheu.

YANKHO: Mphwanga, singanoyo isiye kwa atelala. LiPo ikaboledwa imatha kuyaka nthawi yomweyo, moto wake waukali, ndipo ngati denga ndi laudzu nkhani yake ithera kwa amfumu. Batire lotupa latha ntchito. Lituluke m'nyumba lero, uliike pa mchenga kutali ndi nkhokwe, ulilumikize ku babu ya njinga yamoto ya 12V mpaka babuyo izime, ulisiye choncho tsiku lathunthu. Pamenepo ndiye lilibenso ukali.

Manambala oti uwasunge pamtima ndi atatu. Selo limodzi la LiPo likadzaza limafika 4.2V, osapitirira. Lisatsike kupyola 3.0V, ndipo ine ndimaima lisanafike n'komwe; galimoto ikangoyamba kufooka, basi. Ukamasunga batire kwa sabata kapena kuposa, selo lililonse likhale pa 3.8V, osati lodzaza, osatinso lopanda kanthu. Mabatire ambiri otupa amene amabwera pa benchi langa anawathamangitsa mpaka galimoto kuima yokha, kapena anawasiya odzaza padzuwa.

Sola si vuto, bola pakhale tchaja yoyenera pakati. Usalumikize LiPo molunjika ku batire la sola kapena ku panelo. Funa tchaja yoyeza selo lililonse palokha, monga iMAX B6, yomwe imalandira moto wa pakati pa 11V ndi 18V, kotero imadya bwinobwino kuchokera ku batire la sola kapena la galimoto. Kapulagi koyera ka timawaya tambiri ka pa batire kaja kazilowa mu tchaja nthawi zonse, ndi komwe tchaja imaonera maselo. Batire la 2200mAh ulitchaje pa 2.2A, la 5000mAh pa 5A. Ine ndimatchajira mu mphika wadothi wokhala ndi mchenga pansi, panja, ndili pomwepo. Dothi labwino kuno ku Dedza sitisowa.

Mabatire a laputopu, aja obulungira otchedwa 18650, anawapangira kupereka moto pang'onopang'ono kwa maola. Buggy ikamanyamuka imakoka moto wochuluka nthawi imodzi, ndiye amagwada, amatentha, galimoto n'kumadzuka ngati yamalungo. A saizi yomweyo ochokera mu batire la drill ndiwo amapirira. A laputopuwo pangira tochi.

FUNSO: Ife anyamata asanu a pa Chimbiya tasonkha kuti tigule zathu tizipikisana Lamlungu masana. Tigule ziti? Wina akuti za mafuta ndiye zenizeni.

YANKHO: Za mafuta zisiyeni. Zambiri za saizi imeneyi sizimwa petulo wa pa filing'i siteshoni. Zimamwa msakanizo wa methanol, nitromethane ndi oyilo, ndipo botolo likatha mudzaziika pa shelefu ngati maluwa.

Gulani zamagetsi, ndipo nonse asanu mugule mtundu umodzi. Mpikisano umakoma magalimoto akafanana, komanso imodzi ikafa imasanduka nkhokwe ya masipeya a zinzake. Musanapereke ndalama, funsani dzina la kampani ndi nambala ya mtunduwo, ndipo muone ngati m'bokosi muli kabuku kojambula chipangizo chilichonse ndi nambala yake. Popanda kabukuko ndi chidole, chikathyoka chathyoka. Rimoti ikhale ya 2.4GHz, zakale za 27MHz zimalanda zinzake mukayatsa pamodzi, wina akakhotera kumanja yanu n'kulowa m'munda mwa eni. Zotchipa zomwe masipeya ake ali mbwee pa intaneti ndi monga WLtoys 144001, ya saizi ya 1/14, ngakhale pa miyala ikuluikulu imavutika chifukwa ndi yaifupi. Thumba likalola, Tamiya DT-03 ya 1/10 imabwera yosamanga, mumamanga nokha, ndipo amene wamanga yekha sachita mantha kuphwasula.

Mdani wanu pa Chimbiya adzakhala fumbi la chilimwe. Girizi azikhala m'bokosi lotsekedwa la magiya mokha. Mukapaka pa giya yoonekera, fumbi limamatirira n'kusanduka sandipepa. Ma bearing musankhe a mphira m'mbali. Mukamaliza kuthamanga, tsukani ndi burashi yakale ya mano, osati madzi.

Katundu wochokera ku Joni kapena ku China amatenga masabata, ndiye masipeya abwerere limodzi ndi magalimotowo: mikono yakutsogolo, giya yaikulu, ma bearing, timapini togwira bodi, ndi timitengo tachitsulo tija ta matayala, tomwe timathothoka mkono ukathyoka n'kugwera mu udzu. Pa timeneti, mangani maginito a sipika yakufa ku chingwe muzikoka pabwalo. Kanga ndinakapeza choncho kuseri kwa golo, pamodzi ndi misomali isanu ndi kiyi wa njinga ya munthu wina.