Amalume, za kagalimoto kamene msuweni akufuna kaja

Mwaswera bwanji amalume, ndi nonse muli m'gulumu. Ndaona funso lanu lija, ndiye ndati kulemba kundichedwetsa, bola ndingolankhula. Mwafunsa kuti msuweni wangayu akukakamiriranji Suzuki Swift Sport, kagalimoto kakang'ono kopanda buti yooneka, pamene ndalama zomwezo akanaitanitsa Fielder yoti banja lonse n'kukwanamo. Mwatinso mwina ndi chibwana chabe, akungofuna kothamangitsa. Ine kuno ku Zomba ndimayendera ka mtundu womwewo, Toyota Vitz RS, ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene ndimaonera, zabwino zake ndi zowawa zake zomwe.

Taganizani kaye amalume, galimoto ya munthu wapantchito imatani masiku ambiri. Kuchoka ku Matawale kapena ku Chinamwali m'mawa, kusiya mwana kusukulu, kulowa m'tauni, madzulo kudzera kumsika kapena pa Mpondabwino kugula ndiwo, basi kunyumba. M'galimotomo mumakhala munthu mmodzi, akachuluka awiri. Tsiku lonyamula anthu asanu ndi matumba a chimanga limabwera, inde, koma limabwera patalipatali. Ndiye munthu amadzifunsa kuti ndigule galimoto ya tsiku la kamodzikamodzilo, kapena ya masiku onsewa? Ambiri amene amasankha timagalimoto timeneti ayankha funso limenelo. Sikuti saidziwa Fielder ayi.

Tsono mungati, chabwino, ngati akufuna kakang'ono bwanji osangogula Mira kapena Passo, timene timamwa mafuta pang'ono? Apa ndi pamene pagona nkhani. Mira injini yake ndi 660cc. M'tauni muno ndi yabwino, sindingainyoze. Koma ikwezeni anthu atatu muilozetse ku Blantyre pa M3, mukapeze thiraki ikukwawa pamtunda chakuThondwe kapena ku Namadzi, kumbuyo kwanu minibasi ikukuunikirani malaiti. Mukatuluka kuti mudutse thirakiyo, mumaponda mpaka pansi koma galimoto imangolira, osapita. Nthawi yonse imene muli mbali ya eni akeyo ndi nthawi imene moyo wanu uli pachiswe. Galimoto yokhala ndi mphamvu imatuluka, kudutsa, n'kubwerera kumanzere msanga. Ine chimene ndimakondera yangayi ndi chimenecho, kuposa china chilichonse. Sindithamanga kuposa anzanga, koma ndikafuna kudutsa lole ndimadutsa mtima uli m'malo.

Chinsinsi chake si injini yaikulu, ndi kupepuka. Ndikupatseni chitsanzo cha yangayi. Injini ya Vitz RS ndi 1.5 ija amati 1NZ, yomweyo imene ili mu Fielder, mu Axio, mu Probox, ngakhale mu ma Sienta ambiri amene akunyamula anthu mumsewumu. Injini imodzimodzi, koma mwaiika m'thupi lalifupi ndi lopepukirapo. Zili ngati munthu wa kabaza: mphamvu za miyendo ndi zomwezo, koma akanyamula mwana wasukulu amakwera mtunda mosiyana ndi pamene wanyamula matumba awiri a makala. Swift Sport imene msuweni akuyang'anayo, ngati ndi ija inayamba kutuluka mu 2011, injini yake ndi 1.6, mphamvu 136 horsepower, kulemera kwake kungopitirira pang'ono makilogalamu 1,000. Ina yatsopano ya 2017 anaichepetsa injini kufika 1.4 n'kuika turbo, mphamvu 140, kulemera makilogalamu 970 okha. Mukamva manambala amenewo mudziwe kuti si mphamvu zoopsa ayi, pali magalimoto akuluakulu ambiri m'tauni muno amene amaposa pamenepo. Kungoti katundu amene injiniyo ikukoka ndi wochepa.

Ndipo maganizo amenewa si a anyamata a lero. A Volkswagen anatulutsa Golf GTI mu 1976, injini 1.6, mphamvu 110, kulemera cha m'ma 810 kilogalamu. Iwo ankaganiza kuti agulitsa 5,000 zokha, koma anthu anazilimbirana mpaka lero dzinalo lidakalipo. Chimene anthu anakondera n'chakuti galimoto yomweyo imene upita nayo kuntchito, kugula zinthu, kunyamula ana, ndi yomweyonso imene ikusangalatsa ukaigwira pamsewu wa makona. Sufunika magalimoto awiri. Kwa ife amene ngakhale imodziyo timachita kusonkhanitsa ndalama zaka, mfundo imeneyi ndi yomveka kwambiri.

Za makona ndanenazi, kuno ku Zomba sitichita kuzifunafuna. Msewu wokwera kuphiri kupita ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi mukuudziwa, wopapatiza, wokhotakhota, mbali inayo phompho, ndipo umakumana ndi amayi atasenza nkhuni, anyamata akutsika ndi njinga zodzaza mitengo, ena akugulitsa zipatso m'mbali. Pamenepo ndi pamene umaona kusiyana. Timagalimoto timeneti masipiring'i ndi mashoko ake ndi olimbirapo, ndiye ukakhota sikapendekeka. Ukatembenuza chiwongolero pang'ono kamamva nthawi yomweyo. Mabuleki ndi a disc mawilo onse anayi, pamene Vitz wamba kumbuyo imakhala ndi a drum. Mipando yake imakugwira m'mbali, susuntha. Potsika, ngati ndi ya manual, umaika giya yachiwiri injini n'kumakugwirira, osapsereza mabuleki. Anthu amaona ngati zonsezi anaikira othamanga, koma ine ndimaziona tsiku limene mbuzi yadumphira mumsewu pa Songani, kapena wa njinga yamoto wakhota osaloza. Galimoto imene imaima msanga ndi kuzemba bwino ndi imene ndimafuna mwana wanga akhalemo.

Kwinaku ndi zazing'onozing'ono. Poimika pamsika kapena pabanki tsiku la malipiro, kamalowa pamene pickup yalephera. Mafuta, mukakayendetsa mwaulemu, sikasiyana kwambiri ndi Vitz kapena Swift wamba, ndipo nthawi zimene timagona pamizere ya petulo zija, malita ochepa amene wapatsidwa amakufikitsa patali. Koma ndinene zoona, phazi likalemera nakonso kamamwa. Za buti, ndi yaing'onodi, makamaka ya Swift. Koma chitseko chakumbuyo chimatseguka chonse, mukagwetsa mipando mumalowa zinthu zimene mu saluni sizingalowe. Thumba la chimanga, la feteleza, ngakhale kafiriji kakang'ono, zimalowa.

Tsopano amalume, mbali imene msuweni ayenera kumvetsera bwino ndi iyi, chifukwa pa intaneti pamene akuonera zithunzi sadzamuuza. Magalimoto amenewa anawapangira misewu ya ku Japan ndi ku Ulaya. Vuto lalikulu ndi matayala. Swift Sport ya 2011 ija imabwera ndi marimu a mainchi 17, tayala lake 195/45, lopyapyala m'mbali. Tayala lotere ukagunda dzenje, makamaka nthawi ya mvula pamene maenje abisala m'madzi, limatupa chotupa m'mbali kapena rimu yomwe imapindika. Ndipo saizi imeneyo simungoipeza pashopu iliyonse muno mu Zomba, nthawi zambiri mpaka ku Limbe kapena ku Blantyre, mtengo wakenso wokwera. Chinanso, ambiri amafika opanda tayala la sipeya, amangoikamo kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu. Kabotolo kameneko kamathandiza ukabayidwa ndi msomali, koma tayala likang'ambika m'mbali chakuMachinga usiku sikakuthandiza kalikonse. Ndiye ndalama ya sipeya ndi jeke aiike pambali galimoto isanafike. Ena amatsitsa marimu kufika 16 n'kuika tayala lokhuthalirapo, ndipo ine ndimaona kuti n'zanzeru, bola makaniko aone kuti rimu yatsopanoyo sikukhudza mabuleki.

Kenako ndi kufupika kwake. Kali pafupi ndi nthaka, bampala yakutsogolo yotsika. Mahampu a m'misewu yathuyi ena ndi aatali, mukakhala anthu anayi kamakhula pansi, umachita kudutsa chopingasa. Misewu ya fumbi ya m'makomboni muno mvula ikakokolola, kapena njira ya kumudzi kwa agogo mu Januwale ndi Febuluwale, pamenepo Fielder nayonso imavutika, koma aka kamavutika kuposa. Ndipo mashoko olimba amene ndimawayamika kuphiri aja, pamsewu wa mabampu amakugwedeza msana. Inu amalume mutakwera kumbuyo ulendo wa ku Mangochi mungatsike mukudandaula, ndipo simungalakwe. Ndiye ngati msuweni akudziwa kuti mlungu uliwonse azipita kumunda kapena kumudzi, kagalimotoka si kake. Ngati moyo wake uli pa tala, Zomba, Blantyre, Liwonde, palibe vuto lalikulu.

Za masipeya ndiye ndi chifukwa chake ine ndinasankha Toyota. Injini ya 1NZ makaniko aliyense pansi pa mtengo amaidziwa, mafyuluta, mapulagi, mawota pampu, zonse zili paliponse, zatsopano ndi zakale zomwe. Suzuki injini yake ya 1.6 ndi yolimba, imagwiritsa tcheni osati lamba wa timing, sivutavuta. Koma zinthu za Sport yeniyeniyo, monga bampala, malaiti, mashoko, sizofanana ndi za Swift wamba, ndiye chikasweka umadikira kuti chichokere kunja. Munthu amene galimoto yake ndi imodzi yokha aganizire zimenezo. Ya turbo ija ndi yokoma kwambiri kuyendetsa, makamaka pamtunda, koma imafuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, osati wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera. Komanso ku Japan Swift Sport amailembera petulo wa octane yapamwamba, pamene kuno pa pampu sitisankha, petulo ndi mtundu umodzi. Kompyuta ya injini imadzisintha yokha kuti igwirizane naye, galimoto imayenda, kungoti mphamvu ija imatsikako pang'ono. Polo GTI ndi Golf GTI ndi zabwino zedi, koma giya yake ya otomatiki ija amati DSG ikadwala pamafunika makaniko wodziwadi ndi thumba lozama. Kwa galimoto yoyamba ine sindingamulimbikitse.

Asaiwalenso kuti mtengo umene akuuona pa foniwo nthawi zambiri ndi wofikitsa pa doko la Dar es Salaam basi. Pali kuiyendetsa mpaka pa Songwe, pali msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kenako kulembetsa, COF ndi inshuwalansi. Vitz RS ndi Honda Fit RS injini zake zili pansi pang'ono pa 1500cc, pamene Swift ya 1.6 yadutsa. Apite kwa clearing agent amuwerengere zonse ziwiri papepala asanatumize ndalama.

Chimene ndimaopa kwambiri pa magalimoto a mtundu umenewu si galimotoyo, ndi mwini wake woyamba. Ena kunjako amawagula kuti azikathamangitsa, amasintha masipiring'i kuti itsike kwambiri, amaika ekizozi yaphokoso, klatchi n'kuimaliza. Msuweni ayang'anitsitse zithunzi. Ikakhala yotsitsidwa, ya marimu achilendo, ya mageji owonjezera pa dashibodi, aisiye ngakhale itchipe bwanji. Afune imene ili mmene inatulukira kufakitale, apemphe auction sheet, pepala lofotokoza mmene galimoto inalili poigulitsa pa okishoni ku Japan, ndipo wina wodziwa kuiwerenga amuonere ngati sinachitepo ngozi. Pakati pa manual ndi otomatiki ya mtundu uja amati CVT, ine ndingati manual ya magiya 6, chifukwa amakaniko athu amaidziwa ndipo ikatha klatchi umangosintha. CVT imafuna mafuta akeake, munthu akathiramo a otomatiki wamba yatha.

Pa mantha anu aja a liwiro, sindikutsutsani amalume. Tataya achinyamata ambiri pa M3 yomweyi, ndipo galimoto imene imamvera phazi msanga imamunyengerera munthu. Zimenezo mukhale naye pansi mulankhule naye ngati bambo, ifenso timuuza. Koma ndinene kuti amene ali ndi mtima wothamanga adzathamanga ngakhale mu Fielder, ndipo mmenemo mabuleki ndi matayala sizidzamuthandiza mmene zingamuthandizire mu Swift Sport, imene ilinso ndi kompyuta yoigwira ikayamba kutsetsereka pakona. Mmene ndimamudziwira msuweni wangayu, ndi munthu wodekha, wasunga ndalama zake yekha, ndipo sanakwatire. Galimoto ya banja lalikulu nthawi yake idzafika, ndipo kotereka kakasamalidwa ogula sasowa.

Ndiye ine maganizo anga ndi akuti mumulole, koma ayerekeze kaye Swift Sport ndi Vitz RS kapena Fit RS pa msonkho ndi pa matayala, asunge ndalama ya sipeya ndi sevisi yoyamba, ndipo asagule yosinthidwasinthidwa. Msuweni, ndikudziwa ukumvera, Loweruka ubwere kuno m'mawa uyendetse yangayi. Tikwera kuphiri, kenako tidzera njira ya fumbi ya ku Chikanda kuti uone mbali zonse ziwiri, tikamaliza tikaonane ndi makaniko wanga umufunse za masipeya a Suzuki. Amalume, mupereke moni kwa azakhali, muwauze kuti mpunga wa ku Chilwa uja ndawasungira, nditumiza ndi msuweni yemweyu.